Mzere Umodzi wa Mtovu

Lolemba, 14 Disembala 1959, Matero, Lusaka

Cathrine wachira. Mwana wamwamuna.

Wadzandiuza ndi Elesi, mlamu wanga, m'mawa uno. Matope mpaka m'maondo, nsapato zili m'manja. Wandipeza ndikuyanika mabuku a aNgozo, malemu amuna anga, pa mkeka, poti chinyezi chayamba kuwadya. "Ba mulamu, ni mwamuna. Mutu ukulu monga wa ba Rodgers," anatero asanakhale n'komwe. Anadikira nthungululu. Ine ndinangoti Mulungu alemekezeke, ndipo mawuwo anatuluka bwinobwino. Wamasiye amamukhululukira akapanda kululuta.

Atapita ndinaona kuti buku limene linali m'manja mwanga ndalipinda chikuto.

Masiku makumi anayi ndi limodzi chitisiyireni aNgozo. Lole pa mphambano ya kunjanji, njinga yopindika pakati, wapolisi pakhomo chipewa chili m'manja. Zaka zisanu ndi zitatu m'banja, ine osaima ngakhale kamodzi. Cathrine anakwatiwa ndi Rodgers, mng'ono wawo wa aNgozo, mu Ogasiti chaka chatha. Ndawerenga miyeziyo pa zala, kawiri. Munthu wabwino sawerenga zotere.

Kope ili anandisokera iwo ndi zotsalira za mapepala a kuntchito kwawo kosindikiza. Ankati ndizilembamo mawu achilendo amene ndakumana nawo m'mabuku. Lero mawu ake ndi nsanje. Si achilendo.

Lachitatu, 16 Disembala

Ndapita kukaona. Kwa Rodgers ndi mizere itatu ya nyumba kuchokera pano, ndipo apongozi amakhala komweko. Ndinatenga sopo. Mwana akadali m'chikuta, choncho ndinaima pakhomo la chipinda. Kaphazi kamodzi, kofiira, kakupalasa m'mwamba. Cathrine ali gone, tsitsi losapesa, akuseka. Wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wobadwira muno mu Lusaka. Amakongola ngakhale atatopa.

Rodgers wavala jekete la aNgozo, lija anam'patsa pogawa katundu tsiku lometa. Manja ake amutalikira, wawapinda. Kumbuyo ndi iwo ndithu. Atatembenuka ndinamuda chifukwa cha nkhope yake, ndiye mwana wa eni analakwanji.

Apongozi anandikhazika pakhonde. "Nambewe, mwana wanga wabwerera. Mchombo ukagwa timutcha dzina la malemu." Sanandifunse. Anangondiuza, monga munthu amanenera kuti kukubwera mvula.

Dzina limenelo ine sindinalitchulepo chikhalire.

Kwathu ku Ntcheu mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Anzanga amapulumukira pa mwana, amati bambo a uje. Ine ndinalibe uje. Choncho zaka zonsezi, aNgozo, kapena inu. Pa ukwati abusa analitchula okha, ine n'kungoti inde. Kuchipatala atandifunsa dzina la mtembo ndinatulutsa chitupa chawo, wolembayo n'kuwerenga yekha. M'mabuku a azungu akazi amaitana amuna awo ndi dzina kuchokera kuseri kwa nyumba, ngati akuitana mwana wantchito. Powerenga ndinkachita manyazi. Ndinkasiriranso pang'ono.

Ndinkalisunga ngati mbale ya alendo, yosadyerapo. Ndinkati lilipo, ndi langa, palibe changu.

Tsopano Cathrine azilitchula kakhumi pa tsiku, akusintha matewera.

Lachisanu, 18 Disembala

Kwagwa mvula kuyambira m'mawa. Denga likudontha pa ngodya ya kumutu kwa bedi, pamene iwo ankati adzamata Loweruka lina.

Masana kwabwera Lemmy, mnzawo wa kuntchito, M'bemba wa ku Kasama. Chinyanja chake n'cha pamsika. Wabweretsa kapu yawo ya tiyi ndi epuloni, yakuda ndi inki. Wabweretsanso nkhani ya khadi.

Ndilembe za khadili, poti mwina chaka chino n'chomaliza. Khrisimasi iliyonse aNgozo ankasindikiza khadi la banja, bwana wawo atalola. Pamwamba mafuno abwino, pansi mayina a tonse amene tili ku Lusaka, kuyambira apongozi mpaka khanda. Phukusi lake silitsegulidwa kufikira tsiku lenilenilo. Mpunga usanagawidwe iwo ankaimirira n'kuwerenga mayina mmodzimmodzi, wotchulidwayo n'kuyankha kuti ndilipo, a pabanja kuti tilipo. Mzere wachiwiri unali wathu: dzina lawo, kenako ndi, kenako Dyness. Poti iwo ndiwo ankawerenga, woyankha tilipo ndinali ine. Pambuyo pake makadiwo ankapita kumudzi. Amafika mu Januwale, koma kumeneko sadandaula, amawakhoma pa khoma chaka chonse.

Anandionetsapo makina awo kamodzi. Ankakhala ngati akuimba limba, mtovu wosungunuka n'kumagwa uli mzere wathunthu, wotentha, zilembo zake zoyang'ana kumbuyo. Mzere uliwonse chitsulo chimodzi.

Lemmy akuti mizere ya chaka chino aNgozo anaiumba kale mu Okutobala, waipeza m'dilowa yomangidwa ndi ulusi. Wosowa ndi wa mwana yekha. Amene walowa pa makinawo sachita za chibale, ndiye mzere watsopano sungaumbidwe. Anakafunsa apongozi, iwo n'kumuuza kuti atsitse dzina la malemu pansi penipeni likhale la khanda.

"Ba mayo banena ati nitsitse. Ni bwino, ba Dyness?"

Ndinati chimene anena amayi ndi chomwecho. Ndikanatinso chiyani?

Kosindikizako ali ndi kasowo, kamacheka kakang'ono kodulira mtovu. Ndinakaona. Tsiku lonse ndakhala ndikukamva m'mutu, kakudutsa pakati pa dzina lawo ndi langa. Chidutswa chawo chipita pansi pa Cathrine. Changa kaya achisiya chokha pamwambapo, kaya achiponya mumphika chisungunuke. Sindinafunse. Ndinaopa yankho.

Loweruka, 19 Disembala

Khrisimasi yasamuka.

Zaka zonse inkachitikira pano, poti aNgozo ndiwo anali wamkulu. Lero Rodgers ndi Dingani, mwamuna wa Elesi, abwera kudzanyamula mabenchi awiri, mphika waukulu ndi galamafoni. Anapempha mwaulemu. Dingani anavula ndi chipewa chomwe. Ndinawathandiza kupukuta fumbi, ndinawauzanso kuti chogwirira cha galamafoni chimafuna kupukusa mofatsa. Atachoka, pakona panatsala malo oyera amakona anayi.

Ndinadutsa kwa a Mussa atelala kukatenga duku wanga wachiwiri wakuda. Pa chingwe madiresi a banja lathu, nsalu imodzi monga mwa chaka ndi chaka: la apongozi, la Elesi, la Cathrine, tiwiri ta ana a Elesi. Yobiriwira, ya mbalame zachikasu. Ndinaisankha ndine mu Seputembala, aNgozo ataima pakhomo la sitolo akuti mbalamezo zikuoneka ngati zadya tsabola.

A Mussa anayang'ana makina awo, osati ine. "Muyeso wanu ndili nawo, mama. Koma agogo ati chigawo chanu ndisasoke diresi, ndingopinda m'mbali."

Mbereko. Nsalu yanga ya chaka chino adzaberekera mwana wa Cathrine.

N'zoona, wovala zakuda diresi lobiriwira alitani? Nsalu isawonongeke. Nzeru zake n'zabwino, ndipo n'chifukwa chake zikupweteka. Pakanakhala nkhanza ndikanapeza womukwiyira.

Kunyumba ndapeza kalata ya achimwene ochokera ku Ntcheu, yochedwa masabata atatu monga makalata onse a chaka chino. Akuti ndibwerere, munda ulipo. Nyumba ino imayendera ntchito ya mwamuna, ndipo a ku ofesi andipatsa mpaka kumapeto kwa Januwale. Sindinayankhe.

Lolemba, 21 Disembala

Mchombo unagwa dzulo. Lero amutulutsa, amumeta, amutcha. Apongozi ndiwo analinena, atamunyamula m'mwamba pang'ono. Mawu awo anasweka pakati pa dzinalo. Pamenepo sindinachite nsanje. Iwo ndiwo analipereka poyamba, zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, ali ndi ufulu.

Koma dzuwa lisanapendeke linali litagwera kale m'kamwa mwa aliyense. Elesi kufuula pakhonde kuti uje wakodzera ba Dingani. Ana kuliimba akudumpha chingwe. Mayi wina wa nyumba yoyandikana, amene aNgozo sankamupatsa n'komwe moni wautali, kulidula pakati kuti likhale lachibwana. Dzina la munthu amene ankavala tayi popita kukagula makala.

Kenako nthabwala imene ndinkaidziwa kuti ibwera. Mwana akatenga dzina la munthu amatenganso ubale wake, ndiye Elesi: "Ba mulamu, bamuna banu balila, simubanyamula? Mwabakana chifukwa balibe meno?" Onse kuseka, mwachikondi ndithu. Ndinasekako. Ndinati m'manja mwanga muli phulusa, ndikutsuka makapu. Ndinatsuka makapu oyera kale.

Sindinamunyamule. Sindinamuyang'anenso kumaso.

Pobwerera apongozi anandiperekeza mpaka pa mpopi. "Khadi uwerenga ndiwe Lachisanu. Rodgers amawerenga ngati akutafuna mchenga, ndipo Elesi adzaseka pakati." Ndinati amayi, dzina lija mukulidziwa kuti sindingathe. Iwo anati, "Pamenepo si la mwamuna wako, ndi la khanda. Khanda ungaliope?"

Ndiye kuti ndiimirire pamaso pa onse, ndilitchule koyamba, ndipo lisakhale lawo.

Lachiwiri, 22 Disembala

Sindinatuluke. Ndawerenganso buku lawo la nyenyezi, lija lopanda chikuto. M'mphepete muli timanotsi tawo ta pensulo. Pa tsamba lina analemba kuti, muonetse D. Sanandionetse. Ndayang'ana tsambalo nthawi yaitali osadziwa chimene anafuna kuti ndione.

Ndayesa kulinena ndekha m'nyumba, chitseko chotseka. Milomo inazungulira bwino pa chilembo choyamba. Mpweya sunabwere.

Ngumbi zatuluka madzulo ano, akazi a mzere wathu akuzithamangira ndi mabeseni. Iwo ankazikonda zouma, zamchere wambiri.

Lachitatu, 23 Disembala

Ndachimwa lero, ndilembe.

Cathrine wabwera yekha, mwana ali kumbuyo mu mbereko ya mbalame zachikasu. Akuti amafuna sefa ya ufa. Sefa ali nayo, ndinamugulira ndine pa ukwati wake. Anakhala pa mpando wa aNgozo osadziwa, ine osanena. Anamasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa pomwepo, maso anga n'kusowa kopita.

Ndiye ndinamumva akunong'ona, "Yamwa, Beni. Yamwa, tate."

Ndinafunsa kuti Beni ndani. Anadzidzimuka ngati wagwidwa ndi dzanja mu shuga. Kenako zonse zinatuluka. Iye ankafuna Benedict, dzina la bambo ake. Palibe anamufunsa. Akuti akaona lole pamsewu amamufumbatira mwanayo mpaka kulira. "Sinilifuna, ba Dyness. Zina ya munthu wamene anafa pa njila. Niyopa."

Sabata yonse ndakhala ndikumuda chifukwa watenga dzinalo. Lero ndinamuda kuposa chifukwa sakulifuna. Kulikana? Iye ndani?

Ndinati, mwini dzinalo ankawerenga zinenero zitatu, sanamenyepo munthu, ndipo mwana wako akadzafika theka lake udzagwade n'kuthokoza. Ndinanena mofatsa, ndi mawu anga a ku Chigwirizano cha kutchalitchi, amene ndimaphunzitsira amayi kuwerenga. Mofatsa ndiye moipa.

Analira mosabisa, monga amalirira ana a m'tauni. "Imwe muli na mabuku yao, na zaka zonse zija. Ine nili chabe na mwana, manje na uyo banitengela. Bonse bakamuona baona malemu. Kulibe wamene aona mwana wanga."

Ndinam'patsa sefa. Anailandira ndi manja awiri.

Iye akuchitira nsanje wakufa, ine ndikuchitira nsanje khanda la masiku asanu ndi anayi. Mabuku onse amene ndawerenga, palibe limene linandiuza kuti akazi awiri angalimbirane chinthu, wina pofuna kuchisunga, wina pofuna kuchitaya, onse n'kulephera.

Lachinayi, 24 Disembala

Tsiku lonse kwa Rodgers. Kusankha mpunga, kupaka laimu pa khoma lakumaso, kukolopa. Elesi wasefa munkoyo wake, wa apongozi ndi thobwa, ndipo akangana monga chaka chilichonse kuti chakumwa cha anthu ndi chiti. Apongozi ati munkoyo ndi madzi otsukira mizu. Elesi ati ba mai bakali ku Nyasalande na mutu.

A Mussa abwera kudzazinga nkhuku zinayi. Amazinga ndiwo chaka chilichonse kuti mawa iwo ndi akazi awo, mayi Mwanabibi, adzathe kudya nafe, poti ndi Asilamu. Potsuka mpeni anandiuza kuti chaka chatha nkhuku ankawagwirira ndi aNgozo, maso atatsinzina. Ndinaseka. Kuseka koyamba kosakonzekera.

Cathrine sanandiyang'ane. Nanenso. Tinasankha mpunga mu lichero limodzi, zala zathu zikupewana.

Rodgers wabwera ndi phukusi kuchokera kwa Lemmy, pepala la khaki, ulusi wopingasa. Apongozi aliika pamwamba pa kabati. Ndadutsa pansi pake kasanu ndi kawiri.

Ndaganiza chochita. Ndikafika pa mzere womaliza ndidzati, ndi khanda lathu. Palibe adzandikakamize pamaso pa alendo. Dzinalo alitenga, koma pakamwa panga sadzalitenga.

Lachisanu, 25 Disembala

Ndalitchula.

Sindingalembe zambiri lero.

Loweruka, 26 Disembala

Ndilembe mwadongosolo, ndisanayambe kuzikometsa.

Kutchalitchi m'mawa. Akazi a kwa Ngozo pa benchi limodzi, obiriwira onse, ine kumapeto ngati chitsa chopserera m'munda wa chimanga. Cathrine anachita kuyimitsidwa pakhomo ndi aliyense. Pobwerera mvula inatichitira ulemu, inangowaza.

Kwa Rodgers anthu makumi awiri ndi mphambu, mabenchi anga, mphika wanga. Tiyi wamkaka ndi mabanzi poyamba. Dingani anapukusa galamafoni mwamphamvu, nyimbo n'kuthamanga ngati ikuthawa agalu, ana n'kugwa ndi phwete. Ine ndinkangomva phukusi lili pa kabati.

Mpunga utaphulidwa apongozi analitsitsa, anadula ulusi ndi mpeni wa a Mussa, n'kundipatsa khadi lapamwamba. Fungo la inki. Fungo la malaya awo Lachisanu lililonse. Ndinaimirira pamene iwo ankaimirira, kumanja kwa chitseko.

Magdalene Ngozo. "Ndilipo, ndingapitenso kuti," anatero apongozi, anthu n'kuseka.

Mzere wachiwiri: Rodgers ndi Cathrine.

Pamenepo ndi pamene panali pathu. Panalibe mpata, panalibe Dyness wotsala yekha. Mizere inangoyandikana ngati madzi pamene wachotsapo chala. Ndinadziwa kuti chidutswa changa chapita mumphika. Rodgers anayankha tilipo, ndinamumva ngati ali kutsidya kwa njanji. Zaka zisanu ndi zitatu ndikuphika Khrisimasi ya banja limeneli, ndipo kumudzi adzakhoma pa khoma pepala lonena kuti sindinakhaleko.

Ndinapitiriza chifukwa pakamwa pa munthu wozolowera kuwerenga pamayenda pokha. Dingani ndi Elesi. Tilipo. Sophia. Ndilipo. Riziki, amene Elesi anamutcha dzina la mwana wa a Mussa. Ndilipo, chala chili m'kamwa. Zija ndinakonza zoti ndidzati khanda lathu ndinali nditaziiwala, mutu unali pa mphika wa mtovu. Maso anatsika, pakamwa n'kutsatira, monga ndimawauzira amayi a ku Chigwirizano kuti werengani chimene chalembedwa, osati chimene mukuganiza.

Whyson ndi Dyness.

Ndinamva mawu anga atatha kale. Lemmy sanadule. Anatsitsa mzere wonse.

Ndalemba tsopano. Whyson. Ndi lalifupi chotere. Ndinkaliyesa lolemera ngati thumba la chimanga, koma linatuluka ngati mpweya wa munthu amene wafika pamwamba pa phiri.

Galamafoni inali itatha mphamvu. Mzere umenewo woyankha ndinali ine zaka zonse, koma dzulo ndinali wowerenga, ndipo wowerenga sadziyankha. Ndinangoima, khadi lili m'manja. Apongozi anali atagwira pakamwa.

Anayankha ndi Cathrine. Ali pa mkeka, mwana ali pa bere, osakweza mutu. "Balipo."

Kaya ankanena mwana, kaya malemu, kaya ife awiri. M'chinyanja cha m'tauni muno mawuwo amakwana onse.

Ndiye Elesi anaphulika. "Ba Lemmy bakwatilitsa khanda! Ba mulamu, manje ni vo lembewa, simungakane." Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, ena misozi ya mtundu wina. Rodgers yekha anakwiya. Anati makadi makumi asanu onse ndi olakwika, kumudzi adzati akulu ake akadali moyo koma atsitsidwa pansi pa ana, ndipo mwana wake palibe. Anati Lolemba apita kukamuuza M'bembayo asindikizenso.

Apongozi anatenga khadi, analiyang'ana nthawi yaitali, iwo osadziwa kuwerenga. Anandifunsa kuti ndiwalozere. Ndinaika chala chawo pa mzerewo. "Mwana wako alipo, ndi uyu," anamuuza Rodgers. "Mkamwana wanga aliponso. Palakwika pati? Gawani mpunga ukuzizira."

Tikudya, Cathrine anadzuka n'kundiikira mwana pamiyendo osapempha. "Gwilani bamuna banu, nidyeko." Kenako pafupi ndi khutu langa, "Imwe muziitana iyo zina. Ine niziti Beni. Musabauze ba mai."

Ndinamuyang'ana kumaso koyamba. Safanana nawo ngakhale pang'ono. Mphuno ndi ya Cathrine, mutu wa Rodgers, zikope zotupa. Munthu wina, mlendo, wofunda, wolemera ngati mabuku atatu. Ndinapepukidwa. Ndinakhumudwanso. Anagwira duku wanga wakuda, anayamba kufunafuna pa chifuwa changa, sanapeze kanthu, n'kulira. Mayi wake anamutenga, iye n'kutonthola nthawi yomweyo.

Pamenepo nsanje inabwerera pamalo pake. Sinapite kutali.

Lolemba, 28 Disembala

Makadi apita ku positi m'mawa uno momwe alili. Maadiresi ndalemba ndine. Limodzi ndaika mu envelopu ya achimwene, popanda kalata. Za munda ndiwayankha chaka chikatha.

Kwa Cathrine ndinapita dzulo kukapepesa za Lachitatu. Anati sakumbuka, n'kundibwezera sefa. Ndikuchoka ndinamumva kuseri akuti Beni, Beni, apongozi pakhonde akuitana dzina linalo. Mwanayo sayankha lililonse. Ine chitchulireni Lachisanu sindinalibwerezenso. Ndikamufuna ndimati inu, Elesi n'kumafa nazo kuseka.

Mabenchi abweza. Galamafoni ayi, ndipo sindifunsa.

Masana Lemmy wabwera, Rodgers atamukalipira kale kuntchito. Anakana mpando. Ndinamufunsa ngati kasowo kanathyoka. Anayang'ana nsapato zake. "Banati tsitsa. Sibanati dula." Sindinamufunsenso. Kaya sanamve Chinyanja cha apongozi, kaya anachimva kuposa ife tonse, ndi zake.

Akuti mtovu wonse ukatha ntchito umabwerera mumphika, ndilo lamulo. Mizere inayo yabwerera kale. Anatulutsa mpango m'thumba, n'kuusiya pa tebulo, n'kupita osamwa madzi.

M'mpangomo munali mzere wathu uja. Zilembo zake zimayang'ana kumbuyo. Ndikaukanikiza pa chikhatho zimatembenuka, zimawerengeka bwinobwino, kenako khungu limabwerera ndipo zimafufutika.

Cathrine ali ndi mwamuna, mwana, nsalu yanga ndi Khrisimasi. Ndikumuchitirabe nsanje, koma mocheperako kuyerekeza ndi dzana.

Ine ndatsala ndi mabuku, kope ili, mwezi umodzi m'nyumba ino, ndi mzere wa mtovu wautali ngati chala changa, wa mayina awiri, wosadulidwa.